Kanjere kakuda ka pakhutu la achimwene: nkhani ya duwa lotchedwa cow cockle

Achimwene atatsika basi yochokera ku Joni mu Disembala wapitayu, ana anathamangira zikwama, koma maso a anganga anali pa khutu. Pa khutu lamanzere panali timapulasitala tinayi, tating'ono ngati chikhadabo cha khanda, ndipo pakati pa kalikonse panali potukuka. Achimwene anati anawamata munthu wina wa mankhwala a Chitchaina ku Johannesburg chifukwa cha msana umene unayamba kuwavuta pa ntchito yonyamula katundu, ndipo anauzidwa kuti azitsinapo kangapo pa tsiku. Madzulo ake tili pakhonde, mbale za nsima zitachotsedwa, anganga anapempha kapulasitala kamodzi. Atakamatula, pachikhatho pawo panagubuduka kanjere kakuda bii, kobulungira. Anakaunika ndi tochi ya foni ya mdzukulu, kenako anaseka.

"Amunanga, akudyerani ndalama kumeneko. Uwu ndi mpiru basi."

Sindingawanene anganga, chifukwa kanjereko kamafanadi ndi mpiru, ndipo kubisala pakati pa njere za mbewu n'kumene kwakhala moyo wa chomera chake kwa zaka zikwizikwi. Koma si mpiru. Ndi njere ya duwa limene Angerezi amalitcha cow cockle kapena cowherb, ndipo a sayansi ya zomera amalilemba kuti Vaccaria hispanica kapena Gypsophila vaccaria. Si chomera cha kuno, n'chifukwa chake makolo athu sanachipatse dzina. Kwawo ndi ku Ulaya, m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, mpaka kulowa mkati mwa Asia. Chinafikanso ku North America, ku Australia ndi ku South Africa, koma kumeneko chinapita ngati mlendo wobisala m'katundu.

Mukachipeza m'munda wa tirigu, ndi kachitsamba kofika m'mawondo kapena kupitirira pang'ono, kawirikawiri pakati pa masentimita 30 ndi 70. Moyo wake ndi wa nyengo imodzi ngati chimanga: chimamera, kuchita maluwa, kubala, n'kuuma. Muzu ndi umodzi wolunjika pansi. Tsinde ndi losalala, lopanda ubweya, ndipo masamba ndi obiriwira motuwa ngati a kabichi, chifukwa apakidwa phula lopyapyala limene limachititsa madzi kungotsetserekapo. Masambawo amamera awiriawiri moyang'anizana, alibe kapesi, amangolikumbatira tsinde, ndipo pamene amerapo pali mfundo yotupa ngati bondo. Masamba oyang'anizana ndi mfundo zotupazi ndi chizindikiro cha banja la chomerachi, lotchedwa Caryophyllaceae, monga mmene mabanja ena kwathu kuno amadziwikira ndi mpata wa m'mano.

Kaphukidwe ka nthambi zake ndi kosangalatsa kukayang'ana. Tsinde likakula limathera pa duwa, ndiye kukula kwake kwathera pomwepo. Pansi pa duwalo pamatuluka nthambi ziwiri, ina uku ina uku. Nthambi iliyonse nayo imathera pa duwa, n'kutulutsa ziwiri zina. Mphanda pa mphanda, mpaka chomera chonse chikuoneka ngati ambulera wa timaluwa tapinki. Duwa lililonse ndi laling'ono, lili ndi timasamba tisanu, timitu ta mungu khumi, ndi tinthambi tiwiri tolandira munguwo. Agulugufe ndi njuchi zimabwera, koma zikapanda kubwera duwa limatha kudzipatsa mungu wake lomwe n'kubala. Kwa chomera choyendayenda uwu ndi mwayi waukulu, chifukwa njere imodzi yokha ikagwera ku dziko lachilendo ikhoza kuyambitsa mtundu popanda kudikira mnzake.

Chimene chimachisiyanitsa ndi abale ake ndi chikho chimene chimagwira duwa kunsi. Amene amadziwa chidede adziwa msanga chimene ndikunena, chifukwa mbali yofiira ija imene timathyola duwa likagwa ndiyo chikho chake. Cha cow cockle n'chobiriwira moyera, chili ndi misana isanu yakuthwa ngati ya therere lobala, ndipo duwa likafota chikhocho chimatupa n'kukhala ngati kamtsuko. M'kati mwake muli kachipatso kouma kamene kamatseguka pamwamba ndi mano anayi. Mmenemo ndi mmene muli njere zija, zotalika pafupifupi mamilimita 2, zofiirira zikakhala zanthete, zakuda zikakhwima. Mukaziika pa galasi lokulitsa zinthu muona kuti khungu lake lili ndi timatuza tating'onoting'ono. Chomera chikauma chimathyoka patsinde, mphepo n'kumachigubuduza, icho chikukhutula njere m'njira monse.

Za mayina ake ndingodutsamo mwachangu, ngakhale a sayansi akhala akukangana nazo kwa zaka zoposa 250. Carl Linnaeus wa ku Sweden anachitcha Saponaria vaccaria mu 1753, kutanthauza kuti anachiika m'gulu la zomera za sopo. Philip Miller wa ku England anachitcha Saponaria hispanica mu 1768. Ena anaona kuti chikho cha misana isanu chija n'chachilendo kwambiri, nachipatsa gulu lakelake la Vaccaria, ndipo dzina lakuti Vaccaria hispanica linakhazikika kuyambira mu 1965. Posachedwapa atayeza DNA anapeza kuti n'chapachibale kwambiri ndi Gypsophila, timaluwa toyera tija timene amadzazira nkhata za maluwa pa ukwati, ndiye anabwerera ku dzina la Gypsophila vaccaria limene James Edward Smith wa ku England anapereka kale mu 1809. Mawu akuti vaccaria achokera ku vacca, ng'ombe m'Chilatini. Zimanenedwa kuti anthu akale ankati ng'ombe ikadya chomerachi imachulutsa mkaka. Choseketsa n'chakuti njere zake zomwezo zimadwalitsa ng'ombe zikachuluka m'zakudya.

Banja lake lili ndi mitundu yoposa 2,000, ndipo yambiri imakonda mayiko ozizira a kumpoto. Wotchuka m'banjamo ndi carnation, duwa logulitsidwa m'mashopu a maluwa m'tauni. Angerezi amati banja la pinki, koma dzinali silinachokere ku mtundu wa utoto ayi. Maluwa ena a m'banjali ndiwo ankatchedwa pinki, utotowo n'kutengera dzina kwa maluwa. Kuno kwathu abale ake alipo ochepa: ena ali m'mapiri ozizira monga ku Nyika, ndipo kena kotchedwa Polycarpaea kamamera pamchenga, kali ndi timaluwa touma totuwa ngati pepala, kamene timangokaponda osakafunsa dzina. Mukakwera pa mzere wa makolo mupeza kuti banjali ndi la fuko limodzi ndi bonongwe. Komabe kufiira kwa bonongwe wofiira ndi kufiirira kwa duwa la cow cockle kumachokera ku mitundu iwiri yosiyana ya utoto. Wa bonongwe umatchedwa betalain, wa cow cockle ndi anthocyanin, ndipo palibe chomera chimene chapezeka chili ndi yonse iwiri.

Tsopano tibwerere ku mpiru wa anganga, chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo.

Mayi aliyense wa ku Mangochi amene anapetapo mpunga amadziwa kuti lichero limagwira ntchito ndi kulemera. Mankhusu ndi opepuka, amauluka. Mphwepwa zimauluka. Koma kamwala kofanana ndi njere ya mpunga kamatsala, ndipo kamafuna kukhala pansi n'kumasankha ndi zala. Cow cockle anapeza njira yokhala kamwala kameneko. Amamera nthawi imodzi ndi tirigu, balere kapena fulakesi (mbewu ya ulusi ndi mafuta), amakhwima nthawi imodzi ndi mbewuzo, ndiye womweta amamumwetera kumodzi, wopuntha n'kumupunthira kumodzi. Popeta njere zake siziuluka, chifukwa ndi zolemera komanso zobulungira. Zimalowa m'thumba, n'kugona m'nkhokwe mouma bwino, ndipo chaka chotsatira mlimi mwini wake amazifesa ndi dzanja lake pa nthaka yolimidwa kale. Akagulitsa mbewu kwa mnzake wa kutali, wagulitsa ndi udzu womwe. Ndi mmene duwa la ku Mediterranean linawolokera nyanja zamchere mpaka kukakhala udzu wovutitsa m'minda ikuluikulu ya tirigu ya ku Canada ndi kumadzulo kwa United States.

Njira imeneyi ili ndi pofooka pake. Udzu wodalira thumba la mlimi umatha mlimi akaphunzira kusefa bwino. Ku Ulaya makina osankha mbewu atafala, kenako mankhwala opha udzu atabwera pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, maluwa ambiri a m'minda ya tirigu anayamba kusowa. Lero ku Germany cow cockle ali pa mndandanda wa zomera zimene zatsala pang'ono kutheratu, pamene mlimi wa ku Saskatchewan ku Canada akumupoperabe mankhwala. Chomera chimodzi, kwina akuchisaka kuti achisunge, kwina akuchisaka kuti achiphe. Tikayerekeza ndi kaufiti wathu, kusiyana kumaoneka poyera. Kaufiti sadalira thumba. Njere zake ndi fumbi lenileni, chomera chimodzi chimataya zikwi makumimakumi, ndipo zimadikira m'nthaka zaka zoposa khumi mpaka zitamva kuti muzu wa chimanga kapena mapira wayandikira. Mungasefe mbewu mpaka manja kuwawa, kaufiti ali m'munda kale.

Chimene chimachititsa kuti njerezi zisafunike m'tirigu ndi mankhwala achilengedwe otchedwa saponin. Dzinali ndi lapachibale ndi mawu athu aja akuti sopo. Aliyense amene anaphikapo nyemba kapena soya anaonapo thovu limene limakwera pamwamba pa mphika. Mbali ina ya thovulo ndi saponin wa mtundu wofatsa. Kachidutswa kalikonse ka saponin kali ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi ya shuga ndipo imakonda madzi, inayo imakonda mafuta. Chifukwa cha zimenezi kamatha kugwira mafuta ndi dzanja limodzi, madzi ndi linalo, n'kuzilumikiza, monga mmene sopo amachotsera mafuta a chambo pa mbale. Mbale wake wa cow cockle, Saponaria officinalis, anthu a ku Ulaya ankachapira nsalu ndi ubweya wa nkhosa sopo wa m'fakitale asanafale.

Chomera sichipanga saponin kuti ife tichapire. Ndi chida chodzitetezera. Amawawa mkamwa, ndipo akakhudza khungu la selo ya chamoyo amakakamira pa mafuta a mtundu wa cholesterol amene ali m'khungumo, n'kuliboola. Selo ikabooka imataya zam'kati mwake. Nkhungu ndi tizilombo tofuna kudya njere timagonja motero. Saponin akalowa mwachindunji m'magazi amaphulitsa maselo ofiira. Mwayi wathu ndi wakuti tikamudya salowa kwambiri m'magazi kudzera m'matumbo, koma amawakwiyitsa matumbowo: nseru, kusanza, kutsegula m'mimba. Nkhuku ndi nkhumba zodyetsedwa zotsalira za posefa tirigu zimene zili ndi njere zambiri zoterezi ndi zimene zimavutika msanga. Nsomba ndiye zilibe pothawira, chifukwa zimapuma kudzera m'ziwalo zanthete za m'mbali mwa mutu zimene zimakhudzana ndi madzi nthawi zonse. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri zomera za saponin zakhala zikugwiritsidwa ntchito pophera nsomba m'madziwe, mchitidwe umene malamulo a usodzi kuno amaletsa, ndipo n'zomveka, chifukwa mankhwala sasankha chambo chachikulu ndi mwana wake.

Pali nkhani imodzi ya saponin imene ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kuidziwa, ngakhale si ya cow cockle. Mu 1964 wasayansi wa ku Ethiopia, Aklilu Lemma, anaona kuti pa mtsinje wina ku Adwa nkhono zinali zitafa chakumunsi kwa pamene amayi ankachapira, pamene chakumtunda zinali zamoyo. Amayiwo ankachapira zipatso za chitsamba chotchedwa endod. Nkhono zake ndi zija zimafalitsa likodzo, matenda amene kuyambira ku Chembe mpaka ku Malombe sitifunika kuuzidwa kuti ndi chiyani. Anthu ena mazana anadutsa pa mtsinje womwewo, koma iye anaima n'kufunsa.

Saponin anafikanso ku Mangochi m'njira ina imene ambiri sitiidziwa. Mu 2019 Malawi inali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma oyambirira. M'katemerayu muli kachigawo kakang'ono kwambiri, koyeretsedwa, kotchedwa QS-21, kamene ntchito yake ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chione msanga chimene katemera wabweretsa. QS-21 ndi saponin wochokera ku khungwa la mtengo wa ku Chile wotchedwa Quillaja saponaria. Vuto ndi lakuti mtengo umatenga zaka zambiri kuti ukule, ndipo khungwa silimera ngati masamba. Saponin wa m'njere za cow cockle ndi wopangika mofananako ndi wa mtengowo, pamene chomera chake chimakhwima m'miyezi yochepa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuza a ku Saskatoon ku Canada anayambira kuulima dala udzu umene alimi awo ankautemberera, n'kuupatsa dzina lokoma lakuti prairie carnation. Chifukwa china ndi ufa wake. Kuposa theka la njere ndi sitachi, ndipo timibulu ta sitachiyo ndi tating'ono modabwitsa, pafupifupi kakhumi kuchepa poyerekeza ndi ta chimanga. Ufa wosalala chonchi amaufuna opanga zodzoladzola. Komabe mpaka pano sinakhale mbewu yaikulu yamalonda, ndipo ine ndimakayikira aliyense amene angabwere ndi nkhani yakuti tilime tilemere.

Nanga zinatheka bwanji kuti njereyi ifike pa khutu la munthu wa kwa Mponda? Ku China njerezi ndi mankhwala akalekale, ndipo dzina lake ndi wang bu liu xing, kutanthauza kuti ngakhale mfumu singaimitse ulendo wake. Asing'anga a kumeneko amati zimayendetsa magazi ndi mkaka wa m'mawere. Amazikazinga mpaka zitaphulika n'kuyera ngati mbuliwuli zing'onozing'ono, n'kumapatsa amayi oyamwitsa, ndipo iwo omwe amaletsa mayi woyembekezera kumwa. Taonani mmene nkhani ya mkaka yatulukira mbali ziwiri za dziko, kwa ng'ombe ku Ulaya, kwa amayi ku China. Kale ankaziphatikiza ndi mamba a ngaka pa ntchito yomweyo ya mkaka, ndipo chikhulupiriro chimenechi ndi chimodzi mwa zimene zachititsa kuti ngaka zizizembetsedwa, zathu zomwe kuno. China inachotsa mamba a ngaka pa mndandanda wake wa boma wa mankhwala mu 2020, ndipo njere za cow cockle zili m'gulu la zimene zimatchulidwa kuti zilowe m'malo mwake.

Za pakhutu ndi nkhani yaposachedwa. Mapu a khutu amene amati malo awa ndi a msana, awa ndi a chiwindi, anatchuka ndi dokotala wa ku France, Paul Nogier, m'zaka za m'ma 1950, ndipo a ku China anawalandira n'kuwawonjezera. Njere ya cow cockle anaisankha chifukwa ndi yolimba, yobulungira, yotsika mtengo, ndipo kukula kwake n'koyenera. Pa khutupo saponin sagwira ntchito iliyonse. Njere ili ngati kamkanda kodinira basi, ndipo ena amagwiritsa ntchito timipira tachitsulo m'malo mwake. Pamenepa ndiye anganga anali pafupi ndi zoona kuposa mmene ankadziwira, chifukwa njere ya mpiru ikanadina chimodzimodzi. Kaya kudinako kumachiritsa msana, umboni wa kafukufuku ndi wofooka. Achimwene amati anapezako bwino, ndipo sindinawatsutse, koma ndinawakumbutsa kuti sabata imene anamatidwa ndi yomweyo imene anasiya kunyamula matumba a simenti. Chimene ndinawaletsa ndi chimodzi: asayese kuzitafuna kapena kupatsa mlamu wanga woyamwitsa chifukwa choti amva kuti zimachulutsa mkaka.

Mwana wa achemwali anafunsa ngati tingadzale pakhomo, poti pa foni duwalo linaoneka lokongola. Ndi lokongoladi, ndipo ku Ulaya ena amalidzala dala m'mabedi a maluwa. Koma ndi chomera cha nyengo yozizira, chimene njere zake zimamera bwino nthaka ikakhala yozizirira. Kutentha kwa m'mbali mwa Shire mu Okutobala si kwake. Mwina ku mapiri a Namwera m'miyezi ya mwera, wina akumathirira, chingayesere. Ngakhale zitatheka, ine sindingalimbikitse. Namasupuni amene amatseka Shire ndi Malombe kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake. Alimi a tirigu a ku Neno ndi ku Tsangano, kumene kuzizira kungamukomere mlendoyu, sangatithokoze. Ndi chifukwa chake kulowetsa mbewu m'dziko muno kumafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe, ndipo amene wapeza chomera chachilendo m'munda mwake akhoza kuuza alangizi, kapena kuchipanikiza pakati pa manyuzipepala n'kuchitumiza ku National Herbarium ku Zomba kuti akachizindikire.

Zonsezi ndinazifotokoza pakhonde paja, mwina motalikitsa. Anganga anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, kanjere kali m'manja. M'mawa mwake ndinawapeza atadzaza dothi m'beseni lobooka kuseri kwa khitchini, atakakwirira, kuti tonse tidzaone masamba a mpiru ndi maso athu. Anathirira masiku anayi. Tsiku lachisanu nkhuku ya anapiye inakwera m'besenimo n'kupalasa dothi lonse. Mpaka lero anganga amati unali mpiru, ndipo nkhukuyo anaituma ndi achimwene.